Pemphero la Pabwalo la Ndege

Ananyamuka tambala asanalire, kugwedezeka m'galimoto maola anayi, kudikiranso maola atatu pabwalo la ndege. Nthawi yonseyo bambo a Nesi ankangosinza. Atangolengeza kuti okwera alowe, m'pamene anadzambatuka.

"Mwana angapite kunja osamupempherera? Tsinzinani!"

Mayi a Nesi anatsinzina diso limodzi. Linalo linkaona mzere ukutha, mlonda akuyamba kutseka chitseko, mwana wawo akupondaponda, pasipoti ili m'manja. Apo n'kuti bambowo akadali pa chingalawa cha Nowa, Yona asanamezedwe n'komwe.

"Ameni!" anakuwa mayiwo, n'kukankha mwanayo. "Thamanga iwe!"

"Mayi a Nesi, sindinamalizetu ine."

"Malizani, bambo, ine ndilipo. Mulungu amadikira, koma ndege ilibe chisoni."