Pikapu Yofunditsidwa Masaka a Feteleza

Panali munthu wina kwathu kuno ku Kandeu, dzina lake Aleck, amene m'galimoto mwake munamera kachewere galimotoyo ikuyenda pamsewu. Mukuseka eti? Sekani, koma muwerenge mpaka pansi tione ngati mukhale mukusekabe.

Aleck ndi mkazi wake Edna analima kachewere zaka zambiri mpaka anagula pikapu. Inali yoyendapo kale, koma bodi yake yakumbuyo inalibe chipsera ngakhale chimodzi. Aleck ankaikonda moti kamwana kawo Zione kakangotsamira, kankamva kuti, "Choka apo, uikanda!"

Nkhawa yake inali makasu ndi matumba, kuti zimuonongera bodi. Ndiye anapita kwa Ahmad wagolosale, amene anali ndi pikapu yakalekale koma yolimba.

"Achimwene, inu munayala chiyani kumbuyoku?"

"Njira zilipo," anatero Ahmad. "Pali phula lopopera, limamatirira kuchitsulo, madzi salowa. Pali labala woyala ngati mphasa, katundu saterereka. Ndiye pali chipulasitiki chongoveka. Ine ndinapopera kaye, n'kuyala labala pamwamba. Mukasankha pulasitiki, muziichotsa n'kutsuka pansi pake, makamaka mukanyamula feteleza. Ameneyo amadya chitsulo ngati chiswe."

"Aaa, zopoperazo ndiye galimoto ikagone kugaraja? Ine ndizigona bwanji?"

Tsiku lina ali pa boma anakumana ndi kamnyamata ka magalasi akuda, kosadziwika kwawo, kakugulitsa chipulasitiki chija.

"Biggy, iyi ndi ya ku Joni. Mukangoveka basi, mwaiwala. Osatsegulanso mpaka Yesu adzabwere."

Aleck anagula. Koma pulasitikiyo inali ya galimoto ya mtundu wina, sinakhale bwino. Pamsewu wafumbi inkangoti kho, kho, kho. Apa m'pamene nzeru zinamubwerera. Anatenga masaka a feteleza amene anali atangokhuthula kumunda, osatsuka, n'kuwayala pansi pa pulasitiki kuti phokoso lithe. Anaboola bodi, n'kumanga pulasitikiyo ndi mabawuti. Pamwamba anaponyapo labala, osamangirira.

"Kuno kumazizira," ankatero ponyadira. "Galimoto nayo izifunda."

Edna ndi amene ankatsuka kumbuyoko. Tsiku lina anaima ndi ndowa m'manja.

"Bambo a Zione, madzi ndikuthirawa satuluka onse. Akupita kuti? Tavundukulani tione."

"Make Zione, za galimoto tisiyireni ife. Simukuona mmene ikuwalira?"

"Ikuwala pamwambatu."

"Nanga anthu amaona pansi?"

Mvula inabwera, inapita, inabweranso. Edna anakumbutsa mpaka anatopa.

Kenaka kunagwa zovuta. Bambo ake a Edna, amene anatsikira ku Bwanje kukalima mpunga, anamwalira komweko, ndipo anayenera kukaikidwa kwawo kufupi ndi Nzama. Mkamwini wa galimoto anali Aleck, panalibenso zofunsana. Anakweza bokosi pa labala paja, chitseko chakumbuyo n'kutseka. Amayi operekeza maliro anakhala mozungulira bokosilo. Edna anakhala kumutu kwa bambo ake, chakuchitseko, dzanja lake litakumbatira bokosi. Kunkawaza kamvula. Ananyamuka akuimba nyimbo za maliro.

Atafika pachitunda chachikulu chokwera kuchokera kuchigwa, Aleck anasintha giya, galimoto n'kugwedezeka. Labala anaterereka pa pulasitiki yonyowa. Bokosi linatsetsereka n'kukagunda chitseko. Chitsekocho chinali chitangogwira ndi dzimbiri lokhalokha. Chinazuka ndi mahinjesi omwe.

Aleck kutsogolo sanaone kanthu. Chimene anamva n'chakuti nyimbo yaduka pakati.

Anatsika akuthamanga. Amayi ena anali atagwira zitsulo za m'mbali, akukuwa. Edna sanagwire chitsulo, anagwira bambo ake, ndipo anapita nawo limodzi. Aleck anamupeza pamiyala, bokosi litamupsinja pachifuwa. Atalichotsa, Edna anatsegula maso.

"Bambo a Zione, bokosi silinatseguke?"

"Silinatseguke, mayi."

"Chabwino. Anthu asawaone bambo ali choncho."

Sanayankhulenso. Anatsirizika asanafike kuchipatala. Adzukulu amene anali atamaliza kale ntchito yawo anauzidwa kuti atengenso makasu.

Maliro atatha, Aleck anamasula mabawuti aja yekha, n'kuvundukula pulasitiki. Masaka anali chinyowere, akununkha. Chitsulo chinkanyenyeka m'manja ngati chigumu chouma, malo ena ukuona dothi pansi. Ndipo pakona, mu matope amene anaunjikana, munali mutamera kachewere, woyera mbee chifukwa chosaona dzuwa, ali ndi tiana take tomwe.

Ahmad anabwera, anayang'ana, sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Pepani achimwene," n'kukhala naye pansi.

Pikapuyo ilipo mpaka lero, ili pamiyala kuseri kwa nyumba. Zione amatsamira, amakwera, amajambulapo ndi msomali. Bambo ake amangoyang'ana.

Phunziro: Musanayale chilichonse kumbuyo kwa pikapu, funsani kwa amene anayenda nayo, osati wongokumana naye pamsewu. Tetezani chitsulo kaye, choyala pamwamba mumangirire, ndipo chimene mwaphimba muzichivundukula. Wakunyumba akati tione pansi, onani, si mwano ayi. Tumizirani aliyense amene ali ndi pikapu, ndi aliyense amene amakwera kumbuyo kwake. Koma za kachewere womera uja musakafunse ku Kandeu, ndamudzala ndine kuti muwerenge mpaka pano. Pansi pa pulasitiki panali dzimbiri lokha basi. Za Edna zija ndinayesa kuzisintha kuti apulumuke, zinakana.