Kaswichi ka a Gilibati

Panali munthu wina kumbali ya Mitundu, a Gilibati, mlimi wa ng'ombe yamkaka. Nkhaniyi ndi yoona, amene anandiuza amagulitsa nawo mkaka pamalo amodzi. Ng'ombeyo anailandira ku gulu la alimi, ndipo lamulo linali lakuti thole loyamba lalikazi lipite kwa mnzawo. Woyembekezera anali mayi Agnes, amasiye, amene anali atamanga kale khola n'kubzala nsenjere.

Mwana wa a Gilibati, Lily, amene amagwira ntchito za makompyuta ku Lilongwe, anawabweretsera foni yachilendo. Mapulogalamu ake ndi otseguka, aliyense atha kuona mkati n'kusintha. Mtsikanayu ndi mutu, ife a kuno timamunyadira. Pochoka anawachenjeza kuti, "Ababa, pansi pa chivundikirochi pali tiswichi ting'onoting'ono. Kena kamadula netiweki yonse. Musatigwire, ndipo ikavuta mundifunse."

A Gilibati ndiye anayamba kuyenda mapewa m'mwamba. Pamzere wa mkaka anatsegula foni ija, n'kumatosa tiswichi ndi kamtengo ka machesi anthu akuona.

"Iyi si foni ya wamba iyi. Ine ndikafuna, ngakhale kampani singandipeze!"

Anthu anawomba m'manja. Pobwezeretsa tiswichi tija, kamodzi anakaiwala.

Atafika kunyumba, foni inalemba kuti mulibe simu khadi. Anaitulutsa simuyo, kuipukuta pa buluku, kuiuzira mpweya, kuibwezera. Zii. Anakwera pachulu foni ili m'mwamba, nkhuku zikuwadabwa. Anakwera minibasi mpaka ku Nathenje, akuti kumeneko netiweki ndi yamphamvu, koma anabwerako chimodzimodzi.

Akazi awo, mayi Zipora, anati, "Abambo, bwerekani foni mumuimbire Lily. Ng'ombe ija bere lakula, tikhala bwanji opanda foni?"

"Ndifunse mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira supuni? Ndipo ndibwereke foni kwa ndani, anthu adziwe kuti yanga yafa?"

Ayi ndithu, sanafunse. Pamsika ankangoiika pakhutu n'kumagwedeza mutu ngati akumva zofunika.

Tsiku lina mudzi wonse unapita kumaliro kutsidya, iwo n'kutsala kuyang'anira ng'ombe. Chakumasana inayamba kubereka, koma thole linabwera mopingasa. Nambala ya alangizi a ziweto inalimo mufonimo, ankaiona ndi maso awo, koma kuimba kunali kosatheka. Anathamanga khomo ndi khomo, makomo onse otseka. Anapalasa njinga kukawafuna alangiziwo, ndipo pomwe ankafika nawo n'kuti ng'ombe itagona chammbali. Alangiziwo anaipulumutsa ng'ombeyo. Thole linatuluka lakufa, ndipo linali lalikazi.

Mayi Agnes atamva anabwera, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Pepani achimwene." Anabwerera manja kumbuyo. Kunena zoona, pamenepa ine mtima unandiwawa.

Lily anabwera Loweruka. Anachotsa batire, anakankha kaswichi kaja ndi phini wa kumutu, anabwezera batire n'kuyatsa. Foni inaona simu, inafufuza pang'ono, timizere ta netiweki n'kudzaza. Kenako mauthenga akale anayamba kulowa, ndipo a Gilibati anayamba kumwetulira, mapewa akukweranso.

Wina unali wa alangizi aja, wolembedwa m'mawa wa tsiku lomwe lija: "Bambo Gilibati, ndikudutsa pafupi ndi kwanu. Foni yanu sikupezeka. Ng'ombe ili bwanji, ndipatuke?"

Anauwerenga n'kupereka foniyo kwa akazi awo. Anatuluka kukakhala kuseri kwa khola.

Mpaka lero, pokagulitsa mkaka amazungulira njira yaitali ya kudambo. Yachidule imadutsa pa khola la mayi Agnes, ndipo nsenjere zija zatalika kuposa denga.

Phunziro: Kunyadira chinthu chabwino si kulakwa, koma chikakuvutani funsani, ngakhale wodziwayo munabereka nokha. Mawu a ana nawonso amakoma akagonera. Manyazi anu atha kuliritsa munthu amene sanakulakwireni. Tumizirani ena, makamaka abambo aja osafunsa, bola foni yawo ikhale ikugwira.