Kompyuta Yoiwala Tsiku

Magetsi atayaka madzulo aja, ndinabwerera kushopu kukamaliza kusindikiza makadi a ukwati wa eni ake. Kunja kunali kutada kale.

Kompyuta yanga ndi nkhalamba. Alamu anga, amene amakonza makompyuta, anandichenjeza kalekale: "Alamu, kabatire kam'katimu katha. Magetsi akangothima, iziiwala tsiku n'kubwerera chaka chomwe inapangidwa. Gulani kena, kuumira bwanji?"

Ndinangozolowera. Ndikaiyatsa, ndimayamba ndakonza tsiku.

Koma ulendo uno sinabwerere m'mbuyo. Inali patsogolo ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinawaimbira foni alamu. "Zosatheka zimenezo," anatero. "Batire ikatha, tsiku silipita kutsogolo."

Nditangodula foni, ndinamva mpando wa makasitomala ukukokedwa kumbuyo kwanga. Chitseko ndinali nditakhoma ndekha. Kenako timapazi tinayamba kumenya mwendo wa mpandowo, ngati mwana amene watopa n'kudikira.

"Adadi, simunamalizebe? Amami akuti tizipita."

Kwathu kulibe mwana. Mkazi wanga wapita padera katatu, ndipo nkhani ya ana tinasiya kuikamba.

Sindinacheuke. Tsikulo sindinalikonze.

"Ndatsala pang'ono, mwanangu," ndinayankha. "Usachoke."