Njinga ya Malemu Harjo

"Chotsani dzanja pa njinga yamotoyo, alamu."

Ningsih anali atagwira sipanala, oyilo wakuda mpaka m'zigongono. Pansi, foni yotsamira botolo inkaonetsabe mkulu wina wa ku Bandung akumanga injini.

Sutopo, mchimwene wa malemu Harjo, mwamuna wa Ningsih, anaseka. "Ine pa galaja ndatha zaka makumi atatu. Iwe kungoonera timavidiyo, basi wasanduka makaniko? Ndikuitenga usanamalize kuipha. Ndi ya m'bale wanga."

"Yakhala pakhonde pano zaka zinayi, nkhuku zikuikirapo mazira. Ubalewo unali kuti?"

Amayi ogulitsa tempe, chakudya cha soya, kutsidya kwa msewu anasiya kukazinga.

"Chabwino, ilize. Ikakana, ndanyamuka nayo."

Ningsih anaponda kiki yolizira injini. Zii. Anapondanso, injini inangotsokomola. Sutopo anagwira kaliyala kuti akoke.

Kachitatu inabangula, utsi n'kumuthira pa buluku loyera.

"Mavalavu akugogoda!" anakuwa Sutopo, akubwerera m'mbuyo.

"Ndawamva. Ndikonza ndekha mawa." Ningsih anakweza moto. "Potuluka mutseke geti, alamu."