Zaka Zisanu ndi Ziwiri za Lorna Ashby

Inu amene mumati nkhani zotumizirana ndi zabodza zokhazokha, werengani iyi mpaka kumapeto, kenaka munditsutse ngati mungathe. Ine Opal ndinapesa mitu ya akatswiri a mafilimu ku Hollywood zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe anadzukapo pampando wanga akudandaula. Izi ndinaziona ndi maso angawa.

Panali mtsikana wina, Ludmila Hruska, mwana wa wogulitsa nyama ku Omaha. Ankagulitsa matikiti paholo ya mafilimu. Tsiku lina mu 1932, mwamuna wina wachilendo anaima pawindo pake.

"Nkhope yotereyi ikuwolera kuseri kwa galasi? Ndine Roy Tabor, ndimasaka akatswiri atsopano. Saina apa, Lolemba ukwera sitima."

Bambo ake ataona mapepalawo anapukuta manja. "Mwana wanga, masamba makumi atatu onsewa? Tipite nawo kwa loya kaye. Ine ngakhale ng'ombe sindigula ndisanaiyang'ane mano."

"Ababa, inu mumadziwa za soseji. Zamafilimu zisiyeni."

Anasaina osawerenga. Linali pangano la zaka zisanu ndi ziwiri. Bwenzi lake Anton, wokonza mawotchi, anamuperekeza kusiteshoni. "Zisanu ndi ziwirizo ndidikira," anatero. "Koma usadzaonjezerepo, Ludmila. Ndimadziwa kuwerenga nthawi ine."

Atafika ku Hollywood, kampani ya mafilimu inamuvula dzina n'kumuveka lina: Lorna Ashby. Tsitsi lake lakuda bii analamula kuti liyere mbee, ndipo ntchito imeneyo inali yanga, masiku khumi alionse. Mufilimu yoyamba anali mkazi wolanda amuna a eni, wowomberedwa kumapeto. Anthu anaikonda. Basi, ntchito yake inakhala yomweyo: kulanda mwamuna, kenaka kufa. Anafa ndi mfuti, anafa ndi poizoni, kawiri konse anagwa pamasitepe omwewo. Kukwatiwa kunali koletsedwa. Kunenepa koletsedwa. Ngakhale kupita kwawo ankachita kupempha.

Chaka chachinayi anadziponya pampando wanga. "Opal, ndatopa nako kufa. Filimu ikubwerayi ndiikana. Akwiye, andichotse, ndizipita kwa Anton."

"Iwe mwana wa ku Omaha, tandimvera. Munthu wodzaza maholo sachotsedwa pano. Ukakana amangokuimitsa, ndipo masiku amene wakhala pakhomo sawawerenga. Amakawamata kumapeto kwa pangano. Limba mtima, ufe kangapo konse, zaka zitatu si kanthu."

Anaseka. "Pesa tsitsi, Opal. Zamalamulo unaphunzira liti?"

Anakanadi. Anamuimitsa miyezi isanu ndi iwiri. Kampani ina iliyonse inaletsedwa kumulemba ntchito, ngakhale nyumba ya wailesi. Anangokhala m'nyumba, makatani otseka, kudikira kalata yomuchotsa imene sinabwere. Anabwerera, anafa kawiri, n'kukananso. Kenaka kachitatu. Nthawi yonseyi ankadula masiku pakalendala, n'kumalembera Anton kuti akonzeke.

Tsiku limene iye ankati ndi lomaliza, anabwera ndi sutikesi. Tsitsi lakuda linali litayamba kuonekera m'munsi.

"Lero usalikhudze, Opal. Ndikufuna ababa akandizindikire."

Anakwera kuofesi ya bwana wamkulu, a Kessel, kukatsazika. Chitseko anachisiya chosatseka, ndiye mlembi anamva zonse.

"Bwana, zaka zanga zakwana. Tsalani bwino."

"Zakwana kuti, chiphadzuwa changa? Khala pansi." Anatsegula panganolo patsamba la khumi ndi chisanu ndi chinayi, n'kuloza ndi fodya wawo. "Unatikana katatu. Miyezi makumi awiri ndi umodzi sunagwire ntchito. Imeneyo ndi yathu."

"Koma ndinali kungokhala pakhomo!"

"Eya, unapuma. Lolemba ubwere molawirira, pali mwamuna wa mwini akukudikira."

"Ndikangokwera sitima, mundichita chiyani?"

"Tikakumana kukhoti. Ndipo loya wako akawerenga tsamba lomweli, limene iwe unaliona kutalika."

Anatsika, n'kuimbira Anton pafoni ya m'chipinda changa. Anton anayankha.

"Holo ya ukwati ndinalipira kale, Ludmila. Amayi asoka diresi. Ndinakuuza kusiteshoni kuja." Anadula.

Mtsikana uja anaika sutikesi pansi, n'kukhala pampando wanga. Sanalire. Anangodziyang'ana pagalasi.

"Liyeretse, Opal."

Anafanso kasanu. Miyezi ija itatha, kampani inali itapeza kale mtsikana wina wazaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo tsitsi lake ndinayeretsanso ndine. Dzina lakuti Lorna Ashby linali katundu wa kampani, sanaloledwe kuchoka nalo. Makampani ena anamukana, ati ndi wovuta. Anabwerera ku Omaha ndi sutikesi yomwe ija. Anapeza bambo ake atamwalira, Anton ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Anakapempha ntchito paholo ija, mwiniwake watsopano n'kumufunsa kuti, "Ludmila wake uti?"

Phunziro: Pepala limene akukuthamangitsa kusaina ndi limene uyenera kuliwerenga kawiri. Ndipo malangizo usawayeze ndi ntchito ya wokuuzayo. Wogulitsa soseji ndi wopesa tsitsi anaona zimene katswiri sanaone. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi mwana wokongola ndi waphuma.

Nanga ine ndinapindulanji? Ndikuuzeni. Chipeso chasiliva cha Ludmila, chimene anandisiyira patebulo. Ndipo a Kessel atandibweretsera langa pangano, ndinaliwerenga masiku atatu n'kuwabwezera losasaina. Lero ndili ndi saluni ya mipando isanu ndi umodzi, ndipo pachitseko palembedwa dzina limene anandipatsa amayi anga: Opal Dombrowski.