Mapiritsi a a Lipenga

M'mudzi muno chitseko chilichonse chimayamba chaunika thupi la mwininyumba, ndipo wodwala wozemba mankhwala sichimutsekulira. M'mawa uja chinawakaniranso a Lipenga pomwe ankafuna kutuluka kupita kudimba.

"Chotupa cha m'chiwindi chamera mitsempha ina iwiri," chitsekocho chinatero.

Mkazi wawo, Nasibeko, anaponya tsache pansi. Anali atangopeza mapiritsi a sabata yonse kunsi kwa mphasa.

"Abambo, mwandikwana! Adokotala anati chotupachi chimadzikumbira ngalande zake n'kumakuberani magazi kuti chikule. Mapiritsiwa ndi otseka ngalandezo, inu n'kumawabisa?"

"Amandifoola miyendo, mayi. Nanga kudimba athirire ndani?"

"Mukafa adzathirira ndani? Mezani ndikuona!"

A Lipenga anameza. Nasibeko anavala magambutsi a mwamuna wake, aakulu ngati mabwato, n'kulunjika kudimba akung'ung'udza njira yonse.