Masamu a Pa Dothi

Utsi utatuluka m'wailesi, Edness anaponda masamu amene analemba pa dothi ndi kamtengo. Wailesi inkafuna mavolti sikisi, koma batire ya galimoto imene atate ake analumikiza inali ya thwelofu. Mavolti akawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi, anaphunzira kusukulu. Nanga akanawadzudzula bwanji atate ake pamaso pa alendo?

Atate akewo, Ba Kingsford, ananyamula wailesiyo ngati khanda. Inali ya malemu akazi awo.

"Unadziwa?" anafunsa chapansipansi, maso ali pa phazi la mwana wawo.

"Ee, atate."

Ba Kingsford anaika wailesi ija pansi. Kenako anatola kamtengo kaja n'kumupatsa, alendo akuona.

"Chotsa phazi, mwanangu. Lembanso, ndione."